Amayi ayamba kuiwalaiwala: ndiwagulire makapisozi a ginkgo?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, koma amayi anga ali kumudzi ku Ntcheu. Ali ndi zaka 71. Achemwali anga amene amakhala nawo akuti chaka chino amayi ayamba kuiwalaiwala: amafunsa chinthu chimodzimodzi kangapo, apsereza mphika kawiri, ndipo tsiku lina analephera kutchula dzina la mdzukulu wawo. Amamwa mankhwala a BP ndi aspirin, ngakhale kuti nthawi zina amadumphitsa. Kuno m'mafamase muli mabotolo ambiri olembedwa kuti amathandiza ubongo, a ginkgo, a brahmi, a turmeric. Kumudzi ena akuti tiziwapatsa ufa wa chammwamba. Mwa zonsezi, n'chiyani chimene chimagwiradi ntchito? Ndikufuna ndigulirekonso mtsikana wa achemwaliwo amene akulemba MSCE chaka chino.

Yankho: Achimwene, ginkgo musawagulire amayi. Akumwa kale aspirin, BP yawo ndi yosakhazikika, ndipo pa zaka 71 zinthu zimenezi siziyenera kukumana ndi ginkgo m'thupi limodzi dokotala asakudziwa. Chimene amayi akufunika mwezi uno ndi kupimidwa bwinobwino, ndipo ndifotokoza zoti achemwali akapemphe kuchipatala. Koma poti mwafunsa za mabotolo amene mukuwaona pa shelefu, tiyambe ndi amenewo, chifukwa si onse ofanana, ndipo nkhani si yakuti zitsamba n'zabodza.

Ntchito yanga ndi ya mankhwala, ndipo munthu wa ntchito imeneyi sanganyoze zomera. Mbali imodzi ya LA amene timamwa tikadwala malungo inachokera ku chomera cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi amene anatsogolera ntchito yopeza mphamvu yake, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Ngakhale pa nkhani ya kuiwalayi, ena mwa mankhwala enieni amene madokotala amalembera odwala Alzheimer, matenda a ubongo amene amaiwalitsa okalamba, mizu yake ili ku zomera.

M'ubongo muli timadzi totchedwa acetylcholine timene timanyamula uthenga kuchoka pa selo imodzi kupita pa inzake, makamaka m'mbali zimene zimasunga zinthu zatsopano. Timadziti tikapereka uthenga, thupi limatiswa msanga kuti wina udutse. Mwa munthu wodwala Alzheimer, maselo opanga timadziti amafa pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Bulgaria ndi ku Soviet Union anapeza kuti m'kaduwa koyera kotchedwa snowdrop muli mankhwala, galantamine, amene amachedwetsa kuswedwa kwa acetylcholine, motero tochepa totsalato timagwira ntchito nthawi yotalikirapo. Poyamba ankapatsa anthu amene poliyo inawapundula. Mu 2001 boma la America linawavomereza kwa odwala Alzheimer. Mankhwala ena, rivastigmine, mbiri yawo ndi ya kuno ku Africa. Ku Calabar, kum'mwera chakum'mawa kwa Nigeria, munthu woganiziridwa ufiti ankamumwetsa nyemba ina yaululu, monga mmene makolo athu ankachitira ndi mwavi: wosanza ankapulumuka, wosasanza ankafa. Mu 1864 akatswiri a ku Germany anapatula ululu wa nyembayo, physostigmine, ndipo rivastigmine anapangidwa potengera kapangidwe kake.

Ndakufotokozerani mbiriyi kuti muone chinthu chimodzi chimene ogulitsa mabotolo sanena. Chomera chimene chili ndi mphamvu yokwanira kusintha kagwiridwe ntchito ka ubongo chimakhalanso ndi mphamvu yovulaza. Galantamine amayambidwa pa mamiligalamu 8 patsiku n'kumakwezedwa pang'onopang'ono kufika pa 16 kapena 24, chifukwa amachititsa nseru, kusanza, kutsekula m'mimba, ndiponso amatha kuchedwetsa kugunda kwa mtima mpaka munthu kukomoka. Ndipo ndi mphamvu zonsezo, sachiza. Amathandiza ena kukumbukira bwinoko kwa miyezi ingapo kapena chaka, koma matendawo amapitirirabe pansipansi. Ngati mankhwala oyezedwa mlingo, oyesedwa pa anthu masauzande, amangofika pamenepo, botolo lolonjeza kubwezeretsa nzeru popanda vuto lililonse likunena zoposa zimene lingathe.

Pa mashelefu omwewo mupezaponso huperzine A, wochokera ku kachomera ka ku China. Amagwira ntchito mofanana ndi galantamine, kutanthauza kuti ndi mankhwala enieni amene angovala chovala cha chakudya chowonjezera. Atamuyesa ku America pa odwala Alzheimer 210, zotsatira za mu 2011 sizinaonetse phindu pa mlingo umene ofufuzawo ankadalira. Kwa munthu wachikulire amene mtima wake sunapimidwe, ameneyu ndimamuopa kuposa onse.

Ginkgo ndiye mfumu ya msikawu. Ndi mtengo wa ku China wakale kwambiri ndiponso wolimba. Ina mwa mitengoyi inaphukanso ku Hiroshima bomba la mu 1945 litawotcha mzinda, ndipo ogulitsa amakonda nkhani imeneyi ngati kuti kulimba kwa mtengo kumalowa m'mutu mwa woumwa. Umene unafufuzidwa kwambiri ndi mtundu umodzi wopangidwa ndi kampani ya ku Germany kuchokera ku masamba, wodziwika ndi nambala yakuti EGb 761. Maganizo anali akuti umathandiza magazi kuyenda bwino m'timitsempha ta ubongo komanso kuteteza maselo. M'labotale zinkaoneka zomveka. Ndiye ku America anachita kafukufuku wamkulu, wolipiridwa ndi boma: anthu 3,069 a zaka 75 kupita m'tsogolo, theka akumwa mamiligalamu 120 kawiri patsiku, theka akumwa mapiritsi ooneka chimodzimodzi koma opanda kanthu, ndipo palibe ankadziwa chimene akumwa. Anawatsatira zaka zoposa 6. Zotsatira zinatuluka mu 2008: mwa omwa ginkgo, 277 anadwala matenda oiwalitsa, mwa omwa mapiritsi opanda kanthu aja, 246. Kusiyanaku n'kochepa moti kungakhale kwangozi, koma chachidziwikire n'chakuti ginkgo sanateteze munthu. Ku France anabwerezanso pa anthu oposa 2,800 amene anali atadandaula kale kwa dokotala kuti akuiwala, kwa zaka 5, ndipo mu 2012 yankho linali lomwelo.

Kunena chilungamo, nkhani ya ginkgo sithera pamenepo. Kwa anthu amene apezeka kale ndi matenda oiwalitsa, makafukufuku ena a miyezi pafupifupi 6 anaonetsa kakusintha kochepa pa mamiligalamu 240 patsiku, ndipo ku Ulaya bungwe loona za mankhwala limalola kuti agwiritsidwe ntchito pa matenda ongoyamba kumene. Koma ambiri mwa makafukufukuwo analipiridwa ndi wopanga mankhwalawo, ankagwiritsa ntchito mtundu umodzi uja, ndipo odwalawo anali pansi pa dokotala. Botolo la pa shelefu silikutsimikizirani chilichonse mwa zimenezi. Litembenuzeni muwerenge kumbuyo: ambiri mwa mabotolo a ku South Africa alembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kuti mankhwalawa sanalembetsedwe, ndipo bungwe loona za mankhwala kumeneko la SAHPRA silinawaunike ngati ali abwino, osavulaza, kapena ngati amagwira ntchito imene akunena. Opangawo akukuuzani okha. Ochokera ku America nawonso, lamulo la kumeneko la mu 1994 limawalola kugulitsa popanda kusonyeza kaye umboni woti amathandiza, bola asalembe kuti "amachiza". N'chifukwa chake mawu ake amakhala oterera: "amathandizira ubongo", "amalimbikitsa kukumbukira".

Kuopsa kwake kwa amayi ndi uku. Ginkgo amatha kuchepetsa kuundana kwa magazi. Si onse omwa amene amavutika, koma m'mabuku a zachipatala muli anthu amene magazi anatuluka m'diso kapena m'kati mwa mutu atamwa ginkgo pamodzi ndi aspirin kapena warfarin, mankhwala amene nawonso amachepetsa kuundana kwa magazi. Munthu wa BP yokwera ali kale pa chiopsezo chakuti mtsempha wa m'mutu uphulike. Ginkgo amathanso kudzutsa khunyu mwa amene ali nalo, ndipo anapezekapo kuti amafooketsa efavirenz, amodzi mwa ma ARV. Kwa ena owerenga amene ali pa ma ARV ndiwonjezere kuti chitsamba china chotchuka m'mafamase akunja, St John's wort, chimene amati chimachotsa nkhawa, chimafooketsa dolutegravir komanso mapiritsi a kulera. Musasakanize musanafunse.

Brahmi, amene dzina lake lina ndi Bacopa monnieri, ndi kachomera ka m'madambo kamene asing'anga a ku India akhala akukagwiritsa ntchito kwa zaka mazana ambiri. Mwa onse amene mwatchula, ameneyu ndiye ali ndi kaumboni kabwinoko pa anthu athanzi: m'makafukufuku ang'onoang'ono, makamaka a ku Australia ndi ku India, anthu omwa mamiligalamu pafupifupi 300 patsiku kwa masabata 12 anachita bwino pang'ono pa mayeso oyeza kufulumira kwa maganizo. Mawu ofunika ndi akuti pang'ono, ndiponso masabata 12. Si chinthu chomwa usiku mawa lake n'kukalemba Biology. Amapweteketsa m'mimba mwa anthu ambiri. Vuto lina ndi la chimene chili m'botolomo. Mu 2004 ofufuza anagula mankhwala azitsamba 70 ochokera ku South Asia m'masitolo a ku Boston, ndipo 14 anapezeka ndi ziphe monga mtovu, mercury kapena arsenic. Mtovu umawononga ubongo womwewo umene munthu akufuna kuukonza.

Turmeric, ufa wachikasu uja wothira m'ndiwo ndi m'mpunga, thirani m'chakudya mmene mukufunira. Makapisozi ake ndi nkhani ina. Mphamvu yake, curcumin, silowa bwino m'magazi, ndiye opanga amasakaniza ndi mphamvu ya tsabola wakuda kuti ilowe yambiri, ndipo mitundu yotereyi ndi imene yapezeka ikutupitsa chiwindi mwa anthu ena ku Italy ndi ku America. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhani ya kukumbukira, wa ku Los Angeles mu 2018, anali wa anthu 40 okha.

Chammwamba ndi ndiwo yabwino. Masamba ake ali ndi zomanga thupi, mchere wa thupi ndi mavitamini, ndipo amayi akamadya sindingatsutse. Koma zimene mumamva zoti chimanola ubongo zinachokera ku makafukufuku a pa makoswe. Mizu ndi makungwa ake azisiye. Azingodya masamba okha.

Pali chomera chimodzi chimene mphamvu yake pa ubongo palibe amakana, ndipo amayi akumwa kale m'mawa uliwonse. Ndi tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, pamodzi ndi mnzake khofi wa ku Mzuzu. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, m'ubongo mumachuluka timadzi totchedwa adenosine timene timamuuza kuti watopa. Caffeine, mphamvu imene ili m'tiyi ndi m'khofi, amakhala pamalo pamene adenosine amayenera kukhala, ndiye uthenga wa kutopawo sufika. Kapu ya tiyi imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 40 mpaka 50, ya khofi 80 mpaka 100. Munthu amakhala tcheru, amamva zimene akuwerenga. Koma caffeine sachotsa kutopa, amangokubisa, ndiponso sasunga zinthu m'mutu. Ntchito yosungayo imachitika munthu ali m'tulo, pamene ubongo umabwereza zimene waphunzira masana n'kuzikhazikitsa.

Apa ndiye pali yankho la mtsikana wa MSCE uja. Musamugulire botolo lililonse. Ana athu mayeso akayandikira amaviika miyendo m'beseni la madzi ozizira, amamwa khofi wowirira kapena zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'zitini, n'kuchezera usiku wonse ndi kope. Theka la caffeine womwa 4 koloko madzulo amakhala akadali m'magazi cha m'ma 9 koloko usiku. Mwana amagona mochedwa, tulo take n'tosakhazikika, ndipo zimene anawerenga sizikhala. Pa msinkhu wake akufunika kugona maola osachepera 8. Tiyi wa m'mawa ndi wa masana ndi wokwanira. Njira yowerengera imene yatsimikizidwa mobwerezabwereza ndi yotseka buku n'kudzifunsa, kuyankha mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndi kubwerera ku mutu womwewo patapita masiku angapo, m'malo mongoyendetsa maso pa manotsi kasanu usiku umodzi. Ngati mukufuna kumugulira kanthu, mugulireni mapepala a mayeso akalewo ndi nyali ya sola. Ndipo poti ndi mtsikana amene amasamba mwezi ndi mwezi, akayezetse magazi. Kuchepa kwa magazi kumachititsa mwana kuwodzera m'kalasi ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo mapiritsi ake amapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Asamamwere tiyi pa chakudya, chifukwa amatchinga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba kulowa m'thupi. Adikire papite ola.

Tibwerere kwa amayi. Zomera zimene ndingawalimbikitse si za m'botolo koma za m'mbale. Ku Chicago anatsatira anthu achikulire 960 kwa zaka pafupifupi 5, ndipo mu 2018 anapeza kuti amene ankadya masamba obiriwira tsiku lililonse nzeru zawo zinkatsika pang'onopang'ono, moti ankafanana ndi anthu ochepera zaka 11 powayerekeza ndi amene sankadya masamba kawirikawiri. Chiwerengerochi n'chokoma, koma ndichitenge mosamala: odya masamba ambiri kumeneko amakhalanso anthu osamala thupi m'njira zina. Atayesa mwadongosolo, kugawa anthu 604 m'magulu awiri n'kupatsa gulu limodzi malangizo a kadyedwe kokomera ubongo kwa zaka 3, zotsatira za mu 2023 sizinasiyane kwenikweni. Ine ndimaŵerenga zimenezi motere: masamba si mankhwala a matenda oiwalitsa, koma amatsitsa BP, amathandiza pa shuga, ali ndi vitamini wa folate amene ubongo umafuna, ndipo savulaza. Ubwino wake, ife sitifunika kuitanitsa kunja. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa, mpiru: zimene anthu a ku Chicago amalipira ndalama zambiri, kwathu zina zimamera zokha m'mizere ya chimanga, ndipo timazinyoza kuti ndi ndiwo za amphawi. Kaphikidwe ndiko kamatiwonongera. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba koma zimapha mavitamini ena, ndipo kuwiritsa mpaka masamba kuda n'kutaya madzi ake kumachotsa otsalawo. Kutendera ndi nsinjiro ndi nzeru yabwino ya makolo, chifukwa mafuta a mtedza amathandiza thupi kuyamwa mavitamini a m'masamba. Bola mtedzawo ukhale wosankhidwa, wopanda chuku. Mchere achepetse, ndi timakyubu tokometsera tija, chifukwa n'todzaza mchere.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene zomera sizingawapatse: vitamini B12. Amapezeka mu usipa, matemba, mazira, mkaka, chiwindi ndi nyama. Anthu achikulire m'mimba mwawo simuyamwa bwino vitamini ameneyu, makamaka amene amamwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri. Akachepa, munthu amaiwala, amasokonezeka, mapazi amachita dzanzi, amayenda mopepesuka. Akapezeka msanga, jakisoni amabweza zambiri. Achedwa, mitsempha imawonongekeratu. Gogo amene amangodya nsima ndi masamba miyezi ndi miyezi angamwe botolo lililonse la zitsamba, vutoli silingathe.

Zomera zina zimene zili kale pakhomo ndi zoti zichotsedwe. Ngati amayi amafwenkha fodya kapena kuika pamlomo, monga agogo ambiri, dziwani kuti nicotine amadzutsa maganizo kwa mphindi zochepa koma amakweza BP ndi kufinya mitsempha. Kachasu amawononga kukumbukira mwachindunji. Chamba chimafooketsa kukumbukira zinthu zatsopano, makamaka mwa achinyamata amene ubongo wawo ukukulabe. Izi muuzeko wolemba mayeso uja ngati anzake akumunamiza kuti chimatsegula mutu.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikukakamira chipatala? Kuiwala dzina n'kudzalikumbukira madzulo, kapena kusowa pamene waika mpeni, n'kwa ukalamba wamba. Kufunsa funso limodzi mobwereza osadziwa kuti wafunsa kale, kupsereza mphika kwa mayi amene waphika zaka 60, kusochera pa njira yodziwika, kulephera kuwerenga ndalama pamsika, izi zimafuna kufufuzidwa. Ndipo kuiwala kotere kuli ndi zoyambitsa zambiri, zina zochizika, zimene botolo lingangozikwirira pamene nthawi ikupita.

Mwa zimene mwalemba, chimene chandigwira mtima ndi BP yodumphitsa mankhwala ija. Timitsempha ta m'kati mwa ubongo n'tating'ono kwambiri. BP ikakhala yokwera zaka ndi zaka, timalimba, timatsekeka, ndipo munthu amadwala timasitiroko ting'onoting'ono timene sitimugwetsa pansi, sitipotoza pakamwa, koma kalikonse kamapha kachigawo ka ubongo. Munthu wotere amatsika ngati akutsika masitepe: miyezi ingapo ali chimodzimodzi, kenako mwadzidzidzi waipirako. Vutoli ndi lofala kwathu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankamwa mankhwala. Pamene ginkgo analephera mayeso, kutsitsa BP kunakhoza: pa anthu oposa 9,000 ku America, amene BP yawo inatsitsidwa kwambiri anachepetsa ndi 19 peresenti chiopsezo cha kufooka kwa nzeru kongoyamba, malinga ndi zotsatira za mu 2019. Mlingo woyenera amayi auike ndi dokotala, chifukwa BP yotsika kwambiri imagwetsa okalamba. Muonenso kuti nkhaniyi imazungulira: munthu woiwala amaiwalanso kumwa mankhwala. Kuyambira lero mapiritsi asamakhale kwa amayi. Azisunga achemwali, n'kumawapatsa pamanja nthawi imodzimodzi tsiku lililonse.

Popita kuchipatala cha boma, achemwali apite nawo okha, chifukwa munthu woiwala nthawi zambiri amauza dokotala kuti ali bwinobwino. Atenge kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba, a kuchipatala, ogula ku golosale, ndi a kwa asing'anga omwe, osabisa. Mankhwala ena ofala amasokoneza okalamba chifukwa amatchinga acetylcholine yemwe uja: Piriton wa chimfine ndi ziwengo, amitriptyline amene amaperekedwa pa ululu wa mitsempha ndi kusowa tulo. Diazepam nayenso amaiwalitsa. Afunse ngati aspirin ndi wofunikadi kwa amayi kapena anangoyamba chifukwa wina anawauza. Apemphe kuyeza BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chindoko. Ziwiri zomalizazi musachite nazo manyazi; zonse zimafika ku ubongo, zonse zili ndi mankhwala, ndipo ukalamba suteteza munthu. Kumene kuli zipangizo, ayezenso chithokomiro, impso ndi B12. Ngati palibe, angatumizidwe ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Achemwali anene ngati amayi anagwa n'kumenyetsa mutu m'miyezi yapitayi, chifukwa mwa munthu womwa aspirin magazi amatha kudontha pang'onopang'ono pansi pa chigaza n'kumaoneka ngati kuiwala kwa ukalamba, pomwe opaleshoni ingathetse vutolo.

Anenenso ngati pagwa maliro kapena vuto lalikulu pabanja. Matenda a kukhumudwa mwa okalamba amabwera atavala nkhope ya kuiwala: munthu sadya, sagona, sacheza, ukamufunsa amangoti "kaya". Amachizika. Makutu ndi maso ayang'anidwe. Mayi amene samva bwino amafunsa kawiri chifukwa sanamve koyamba, ndipo amasiya kupita kumene kuli anthu. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalitsa padziko lonse amagwirizana ndi zinthu 14 zimene zingathe kusinthidwa. M'gulumo muli BP, shuga, fodya, mowa, kusamva, kusaona, kukhala wekha, kusagwiritsa ntchito thupi, ndi mpweya woipa, umene kwathu ukuphatikizapo utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera. Kusamwa makapisozi a zitsamba mulibemo.

Chenjezo limodzi lofunika kwambiri: ngati amayi asokonezeka mwadzidzidzi, m'maola kapena m'masiku ochepa, osazindikira anthu, kuwodzera kwambiri, kulankhula mosamveka, kapena mkono kufooka, kumeneko si kuiwala kwa ukalamba. Angakhale malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena sitiroko. Apite nawo tsiku lomwelo.

Zikapezeka kuti ndi Alzheimer kapena matenda ena osachizika, ntchito ya banja idzakhala yambiri kuposa ya mankhwala. Asamaphike okha pamoto, koma asalandidwe ntchito zonse. Kutong'ola chimanga, kusankha nyemba, kusenda nandolo, kuimba ndi anzawo a kumpingo, zimenezi manja ndi pakamwa zimazikumbukira ngakhale mayina atathawa. Adzukulu asamawayese ndi mafunso akuti "Agogo, ine ndine ndani?" chifukwa zimangowachititsa manyazi ndi mkwiyo, wolowa m'nyumba azingodzitchula dzina. Ndipo uzani amfumu, anansi ndi akumpingo msanga, matendawa asanakule. Gogo amene wapezeka akuyendayenda usiku, kapena ali kuseri kwa nyumba ya eni osavala bwino, osatha kufotokoza chimene akufuna, kwathu amatchedwa mfiti, ndipo okalamba ena amenyedwa mpaka kufa chifukwa cha zimenezi. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu laukali silidikira lamulo. Mudzi umene ukudziwa kale kuti amayi akudwala ubongo udzawaperekeza kunyumba.

Ngati mukufunabe kutumiza katundu kuchokera ku Johannesburg, m'famase momwemo gulani makina oyezera BP a pamkono wam'mwamba, osati a padzanja, pamodzi ndi mabatire apadera, ndiponso kabokosi kosungira mapiritsi kokhala ndi zipinda za masiku a sabata. Achemwali aziyeza m'mawa amayi asanamwe mankhwala ndiponso madzulo, atakhala pansi n'kupuma mphindi 5, n'kumalemba manambala onse awiri m'kope kwa sabata yathunthu. Kope limenelo apite nalo kwa dokotala.